Mawu a M'filimu Akamira M'nyanja

Tsiku limene tinaonetsa filimu yathu yoyamba m'kaholo kena pa Kamuzu Road ku Salima, palibe anadandaula za chithunzi. Chinali chokongola ndithu: dzuwa likutuluka kuseri kwa chilumba cha Namalenje, mabwato akukocheza, amayi ali ndi mabeseni m'manja kudikira usipa. Koma itafika nthawi yoti mtsikana wa m'nkhaniyo auze bambo ake kuti mwamuna amene amupezerayo sakumufuna, mayi wina kumbuyo anafuula, "Akuti chiyani mwanayu?" Mnyamata wina anayankha, "Funsani nyanja, mayi, ndi imene ikuyankhula." Anthu anafa nalo phwete. Gawo limene ndinalilemba ndi kulifufuta miyezi itatu kuti anthu agwetse misozi linasanduka nthabwala, ine ndili pakona thukuta lili kamukamu.

Aliyense amene wajambulapo filimu yaitali ndi ndalama za m'thumba mwake kuno ku Salima kapena ku Nkhotakota analawako zimenezi. Timathamangira kunyanja chifukwa n'kokongola ndipo sitilipira kanthu. Ndalama zonse timathira pa kamera, za mawu timati tikakonza pa kompyuta. Kompyuta ikalephera timaitana mnyamata wa kiyibodi kuti aphimbe chilondacho ndi nyimbo, ndipo apo mpamene mawu amamira kotheratu. Woonera amapirira chithunzi cha mdima, amapirira kamera yogwedera, koma akaphonya ziganizo ziwiri zotsatana amatulutsa foni yake, basi mwamutaya.

Pezani kaye pamene mawuwo anafera

Musanakhudze batani lililonse, tsegulani fayilo ya mawu monga inatulukira m'chojambulira, yopanda nyimbo, yopanda chilichonse chowonjezera. Valani mahedifoni otseka makutu onse, mutsinzine. Komabe khutu lanu musalikhulupirire kwambiri. Nkhaniyo munalemba nokha, mawu onse ali m'mutu, ndiye ngakhale mphepo itameza theka la chiganizo, mutu wanu umadzazamo wokha. Itanani munthu amene sakuidziwa nkhaniyo, kaya mlongo wanu kaya wa kabaza amene amakunyamulani, mumuveke mahedifoniwo, azibwereza chimene wamva. Pamene wakakamira n'kunena kuti "apa sindinamve", lembani mphindi yake.

Ngati fayilo yoyambayo ikumveka bwino koma filimu yomalizidwa siikumveka, wolakwa ndi nyimbo ndi kasakanizidwe kake, ndipo mwachita mwayi chifukwa zimenezo zimakonzeka muli pampando. Ngati fayilo yoyambayo ndi yodwala kale, mvetserani mtundu wa phokosolo. Kugunda kwa "bu-bu-bu" kobwera n'kupita ndi mphepo. "Waaa" wosalekeza, munthu akumvekera patali ngati ali tsidya la mtsinje, ndi mafunde ndi kutalikira kwa maikolofoni. Kung'ung'uza kosasintha ndi magetsi. Mawu ong'ambika munthu akakuwa ndiye kuti gain, mphamvu yolowera mawu m'chojambulira, inakwezedwa mopitirira. Matenda aliwonse ali ndi mankhwala ake, ndipo ambiri mwa mankhwalawo amamwedwa kamera isanayatsidwe.

Mwera

Mphepo ndi yoipa kuposa phokoso lina lililonse chifukwa siikhala pambali pa mawu. Imamenya kachikopa kopyapyala ka m'kati mwa maikolofoni n'kukakankha mpaka polekezera, ndipo pa kamphindi kameneko mawu a munthu salowa n'komwe. Chimene sichinalowe, palibe pulogalamu ingachibweze.

Kasiponji kakuda kamene kamabwera ndi maikolofoni ndi ka m'nyumba. Pagombe pamafunika chaubweya chija amati deadcat. Chogula n'chabwino ngati thumba likulola, koma ife ulendo wachiwiri tinapita pa kaunjika, tinagula chidole cha ana cha ubweya wautali, tinachisenda ngati mbuzi ya pa Khirisimasi, telala n'kutisokera kathumba. Chinsinsi chake ndi mpata. Tinapinda waya wa khola la nkhuku kukhala kadengu kozungulira maikolofoni, kusiya danga la zala ziwiri mbali zonse, ubweyawo n'kuvala kunja kwa kadenguko. Mpweya wa m'dangamo umakhala bata, ndiye mphepo imafika itatopa kale. Ubweya ukagwirana ndi chinyezi cha kunyanja, upeseni ndi chipeso, pakuti wogwirana sutchinga kanthu.

Pa chojambulira chabwinoko chilichonse, kaya Zoom H4n kaya Tascam DR-40, pali low cut, yodula mawu a pansi kwambiri kumene mphepo imagundira. Iyikeni pa 80 Hz (Hz ndi muyezo wa kukwera kapena kutsika kwa liwu). Mphepo ikakula mutha kukwera kufika cha pa 120, koma musapitirire. Mawu a bambo wamkulu amakhala pakati pa 85 ndi 180 Hz, a mayi pakati pa 165 ndi 255, ndiye mukadula mopanda chisoni, agogo a mawu a besi adzatuluka ngati mwana wa sitandade 6.

Anthu awiri agwire mphasa kapena matiresi kumbali yochokera mphepo, kunja kwa chithunzi. Chitenje ndi pepala la pulasitiki ayi, zimakupiza n'kubweretsa phokoso lawolawo. Boti lokokeredwa pamchenga, mpanda wa bango, ngakhale matandala oyanikapo usipa, zonsezi ndi zotchinga zaulere, ndipo zimakongoletsanso chithunzi.

Koma mankhwala enieni a mwera ndi kalendala. Mphepoyi imachokera kummwera chakum'mawa, imayamba cha mu Meyi, imalimba mu Juni, Julayi ndi Ogasiti. Ndi miyezi yomwe timaikonda ojambula chifukwa kulibe mvula ndipo misewu ya kumudzi ndi youma. Gombe lathu lili kuzambwe kwa nyanja, ndiye mwera umatipeza utayenda pamadzi mtunda wautali popanda chowutchinga, mafunde ake ali ngati mizere ya m'munda. Kawirikawiri m'mamawa kumakhalako bata, choncho magawo a mawu ambiri muziyamba nawo kukangocha, zoyendayenda zopanda mawu n'kuzisiyira masana. Koma mwera ukakwiya umatha masiku osapuma, usana ndi usiku. Tsiku lina ku Senga Bay ndinafunsa mkulu wina amene ankasoka ukonde, "Bambo, mawa tingajambule pano?" Anayang'ana kummwera nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, ukaona ife takokera mabwato kumtunda, nawenso kokera makina akowo." Kuyambira pamenepo sindiika tsiku lojambula pagombe ndisanafunse asodzi.

Okutobala ndi Novembala mphepo imachepa, koma nyenje zimatenga malo, ndipo kulira kwake kumakhala pamwamba pomwe pamakhala "s" ndi "ch" wa mawu athu. Kugwedeza mtengo kumazikhalitsa chete kanthawi kochepa, kokwanira chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Dzinja lili ndi zake: mpoto, mvula pa malata, achule usiku wonse.

Mafunde salakwa, cholakwa ndi mtunda

Pali lamulo limodzi loyenera kuloweza. Mukawirikiza kawiri mtunda wa pakati pa kamwa ndi maikolofoni, mawu amatsika ndi madesibelo (muyezo wa mphamvu ya mawu) pafupifupi 6. Kuchoka pa masentimita 50 kufika pa mita imodzi mwataya 6, kufika pa mamita awiri mwataya 12. Nyanja yokha siitsika chifukwa ili ponseponse. Ndiye maikolofoni yomangirira pamwamba pa kamera, kamerayo ili mamita atatu kutali, ikujambula nyanja, munthuyo ndi mlendo chabe. Kukweza voliyumu pambuyo pake kumakweza onse awiri limodzi.

Maikolofoni ipite kwa munthu. Ngati mulibe boom yogula, ndodo yaitali yonyamulira maikolofoni, nsungwi yowongoka imagwira ntchito, bola maikolofoniyo ilenjekeke pa timphira ta chubu cha njinga kuti kugwedeza kwa manja kusalowe, ndipo wogwirayo avale masokosi m'manja. Ikhale pamwamba pa mutu, chakutsogolo pang'ono, masentimita 40 kapena 50 kuchokera pakamwa, italoza pansi. Apa mpamene ambiri timaphonya. Munthu waima nyanja ili kumsana kwake, ife n'kumulozetsa maikolofoni chopingasa: taloza nyanja yomwe. Ikaloza kuchokera pamwamba, kuseri kwa mawu kumakhala chifuwa cha munthu ndi mchenga, ndipo mchenga suyankhula.

Palibenso chifukwa choimika anthu m'madzi. Abwezeni kumtunda mapazi makumi atatu kapena anayi, kamera ibwererenso m'mbuyo n'kukoka ndi lenzi yaitali. Pa chithunzi nyanja idzaoneka ngati ili pamsana pawo pomwepo, koma phokoso lake mwalisiya kutali. Shoti yaikulu yoonetsa gombe lonse ijambuleni ndithu, koma mawu oti mudzagwiritse ntchito muwatenge pa mashoti a pafupi, pamene boom ingatsike.

Chinthu china mabuku a kunja sangakuuzeni. Mwana wa kwathu akamayankhula ndi bambo ake kapena apongozi amagwada, amaweramitsa mutu, mawu amatsitsa. Boom ya pamwamba pamenepo imangojambula liwombo. Mawu akupita pansi, ndiye maikolofoni iwadikire pansi: ilowe cham'munsi mwa chithunzi italoza m'mwamba, kapena ibisike kuseri kwa dengu kapena mtondo umene uli patsogolo pake. Musamuuze mwanayo kuti adzutse mutu akweze mawu, mukatero mwapulumutsa mawu n'kupha ulemu, ndipo oonera adzaona kuti uyu si mwana wa pakhomo pano.

Timaikolofoni ta pachifuwa timathandiza, koma tili ndi nkhanza zake. Malaya a nayiloni ndi majezi a mpira amakhwekhwesa, mikanda imagogoda, ndipo kutentha kwa Salima kumasungunula tepi iliyonse. Pulasitala ya kuchipatala imagwira bwino pakhungu lopukuta, ndipo ochita sewero avale za thonje. Ngati mukujambulira mawu pa foni ya m'thumba, ikhale pa flight mode, ndipo wina awombe m'manja kamodzi patsogolo pa kamera poyamba shoti iliyonse kuti mudzapeze polumikizira.

Zonsezi n'zachabe ngati palibe munthu wovala mahedifoni nthawi yonse yojambula. Vuto la kwathu n'lakuti ntchitoyi timapatsa wamng'ono pagulu, ndipo wamng'ono sadula akulu pakamwa. Amamva njinga yamoto ikudutsa pakati pa chiganizo, amangoti chete, inu n'kudzazimva patatha mwezi. Tsiku loyamba, pamaso pa onse, muuzeni kuti ali ndi mphamvu yoimitsa ngati inu nomwe. Wathu atazolowera ankangokweza dzanja n'kunena, "Akulu, pepani, tibwereze, tambala walowa." Tambalayo tinamugula, tinadyera nsima.

Zina zimakonzedwa ndi cholembera

Nditabwerera ku gawo lija linatichititsa manyazi, ndinapeza kuti mlandu sunali wa maikolofoni yokha. Ndinalemba masamba anayi a mkangano wa bambo ndi mwana wake wamkazi pa doko, pakati pa anthu ogula nsomba. Kodi ndi mwana uti wa ku Maganga kapena ku Lifuwu angatsutse bambo ake pagulu chomwecho? Nkhani ya ukwati imakambidwa pakhonde, madzulo, ndipo nthawi zambiri mwanayo sayankhula yekha, amadzera kwa azakhali kapena kwa atsibweni. Ndinaika mkanganowo kunyanja chifukwa ndinkafuna chithunzi chokongola, ndipo nyanja inandilanga.

Polemba, funsani gawo lililonse kuti, pamalo amenewa pamamveka chiyani, nanga anthu enieni amayankhula bwanji pamenepo? Pa doko anthu amakuwa mawu awiri atatu: mtengo wa beseni, dzina la munthu, "kokani!" Lembani zomwezo. Pagombe pakhale zoona ndi maso, munthu akudikira boti limene silikubwera, nyali za chilimira zili ngwee usiku pamadzi. Mawu olemera apite kumalo a bata. Filimu imakoma chifukwa cha kusinthana kumeneku, ndipo mwapulumutsa masiku ojambula.

Malowo muwayendere ndi makutu, pa ola lomwelo ndi tsiku lomwelo la sabata limene mudzajambule. Khalani pansi mphindi khumi osayankhula. Midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chipoka mpaka ku Nkhotakota, ili ndi mizikiti, ndipo azana imamveka kasanu pa tsiku. Nthawi zake n'zodziwika, zilembeni, muzipumira pomwepo. Loweruka ndi Lamlungu makwaya ali ndi masipika. Chigayo chimayamba magetsi akangobwera. Mwini chigayo timamupeza mwaulemu, "Achimwene, tibwerekeni ola limodzi la bata," n'kumulipira zimene akanapeza pa olalo, osati kumutumizira mwana kuti akamuuze azimitse. Zonsezi zimayenda ngati munayamba mwaonekera kwa amfumu. Ndipo m'mudzi mukagwa maliro, longedzani, palibe zokambirana.

Tating'ono tosavuta

Kung'ung'uza kwa magetsi kumakhala pa 50 Hz, chifukwa ndi mmene magetsi a dziko lino amayendera, komanso pa 100 ndi 150. Chojambulira chiziyendera mabatire, nthambo ya maikolofoni isagone limodzi ndi ya magetsi, firiji izimitsidwe. Makiyi a galimoto muike m'firijimo kuti musachoke musanaiyatse, eni nyumba angakutsatireni ndi chambo chowola. Jenereta ipite kuseri kwa nyumba pa nthambo yaitali. Zikalowabe, notch filter ya pa kompyuta, yodula liwu limodzi lokha, pa manambala atatu aja imachotsa zambiri.

Jambulani pa 48 kHz ndi 24-bit. Munthu akamayankhula bwinobwino mita yoonetsa mphamvu ya mawu pa chojambulira izisewera cha pa madesibelo -18 mpaka -12, akakuwa isapitirire -6. Poyesa mawu musamuuze kuti awerenge "wani, thu", achite gawo lokuwalo monga adzachitire. Zojambulira za 32-bit float monga Zoom F3 zinachepetsa vuto la mawu ong'ambika, koma mphepo siziichotsa.

Nyumba ya simenti ndi malata opanda siling'i imamveka ngati mgolo, ndipo malata amathetheka mtambo ukadutsa padzuwa. Yalani mphasa pansi, pachikani mabulangete kumakoma osaoneka pa kamera. Nyumba ya udzu ndi dothi imamveka bwino kuposa zonse.

Milomo ikamasiyana ndi mawu pang'onopang'ono shoti ikamatalika, kawirikawiri ndi vidiyo ya pa foni, imene mafulemu ake sayenda pa liwiro limodzi. Idutsitseni mu HandBrake, yomwe ndi yaulere, muikhazike pa mafulemu 25 osasintha, kenako mulumikize.

Ngati zawonongeka kale

Njira yotsika mtengo kwambiri imachitika tsiku lomwelo. Mukangomaliza gawo la paphokoso, tengani ochita sewerowo mupite nawo kuseri kwa nyumba kapena m'galimoto yotseka mawindo, anene mawu omwewo kawiri katatu, mkwiyo usanazizire, kamera ili chozima. Ambiri mwa mawu amenewa amakwana pa milomo mukawadula bwino, makamaka pamene kamera ili pa nkhope ya womvetsera. Jambulaninso mphindi yathunthu ya phokoso la malowo aliyense ali duu. Mafunde amakuululani podula: shoti iyi funde likubwera, shoti inayo likubwerera, khutu limamva kudumpha. Mukayala mphindi ija pansi pa gawo lonse osaidula, misoko imabisika.

Ngati papita miyezi, muyenera kuwaitananso. Gawo la panja musalijambulire m'chipinda cha simenti, lidzanunkha chipinda. Mangani kachisakasa ka matiresi ndi mabulangete, kapena pitani kudimba usiku wa bata. Maikolofoni ikhale yomweyo, mtunda womwewo, amene anagwada agwadenso. Anthu athu ambiri si a zisudzo za pa wailesi, ndipo kuwaonetsa milomo yawo pa sikirini kumangowasokoneza. Aseweretseni kachiganizo kakale m'mahedifoni katatu, kachinayi anene okha pa kayendedwe komweko, ngati mmene ana amalowezera ndakatulo. Agogo ena amene anatichitira gawo la azakhali anamaliza mizere yawo yonse tiyi asanazizire.

Zochotsa phokoso za pa kompyuta zili ndi malire. Ya mu pulogalamu ya Audacity imaphunzira phokoso losasintha n'kulichotsa, ndiye pa firiji ndi jenereta imathandiza. Mafunde amasintha sekondi iliyonse, mukaikakamiza munthu amamveka ngati akuyankhulira pansi pa madzi. Ndinayesaponso mapulogalamu atsopano a pa intaneti otsuka mawu. Nyanja inachokadi, koma inapita ndi Chichewa chomwe: "ng'ombe" anatuluka wopanda mutu, "ndi" ndi "nkh" anasanduka phala, mayi wa ku Khombedza akumveka ngati mlendo wongophunzira chiyankhulo. Mukawagwiritsa ntchito, sakanizani zotsukazo ndi mawu oyamba theka ndi theka, ndipo womvetsera wanu uja abwerenso adzaweruze.

Nyimbo ivomere, isalande

Tsopano tifike pa mnyamata wa kiyibodi, yemwe nthawi zambiri salakwa, olakwa ndife omutuma. Timamupatsa filimu n'kumuuza kuti "thiramo zachisoni", iye n'kuyala piyano ndi mavayolini a m'makina kuyambira poyamba mpaka pothera. Zimene zimasiyanitsa liwu ndi linzake m'khutu, ma "t", "k", "s" ndi "ch", zimakhala cha pakati pa 2 ndi 4 kHz, ndipo piyano, gitala ndi kalimba zimakonda kukhala pomwepo. Ndi anthu awiri pa mpando umodzi. Nyimbo yokhala ndi mawu pansi pa anthu oyankhula ndiye tsoka lenileni, pakuti khutu silitsata pakamwa pawiri, limasankha woimbayo.

Chichewa chili ndi chifukwa chinanso. Ndi chiyankhulo chokwera ndi kutsika. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimalembedwa chimodzimodzi, timazisiyanitsa ndi kamvekedwe. Munthu akamayankhula amakhala akuimba kale kanyimbo kake, ndiye chingwe china chikamakwera ndi kutsika pansi pake, ziwirizo zimalimbana. N'chifukwa chake pansi pa mawu, ngati pafunikadi kanthu, pakhale liwu limodzi lokoka, la pansi, losayendayenda: chingwe cha babatoni, gitala wamkulu wa besi wopanga pamanja, kapena ng'oma yaikulu yogundidwa ndi chikhatho mofatsa.

Njira yabwino tinaiphunzira tili ana, pamoto. Wokamba nthano amati "padangokhala", ife "tilitonse". Sitinkavomera iye ali pakati pa chiganizo, tinkadikira apume. Nyimbo ya m'filimu izichita chomwecho. Munthu wanena mawu olasa, watseka pakamwa, kamera ili pa nkhope ya womvayo: apo kaligo, choimbira cha chingwe chimodzi chokwecha ndi uta, alowe. Kaligo amalira ngati munthu, n'chifukwa chake sayenera kuyankhula limodzi ndi munthu, koma akayankha pambuyo pake amafika pamtima kuposa mavayolini makumi awiri. Mnzake akatsegula pakamwa, kaligo akhale chete. Ndipo magawo ena asiyeni opanda nyimbo n'komwe. Kukhwekhwereza kwa bwato pamchenga, nkhwazi patali, nkhafi ikugunda m'mbali mwa bwato, imeneyo ndi nyimbo kale, ndipo simulipira munthu.

Choncho musatume woimba ali yekha. Khalani naye pansi, muonere filimu yonse yopanda nyimbo, kope lili m'manja. Pa malo alionse mugwirizane sekondi yolowera, sekondi yotulukira, ndi chimene nyimboyo ikunena chimene anthu a m'nkhaniyo sakunena. Ngati simungayankhe funso lachitatulo, pamenepo sipafunika nyimbo. Mumupemphe akupatseni chida chilichonse pa fayilo yakeyake, ng'oma payokha, zingwe pazokha, osati zosakaniza kale, kuti chida chimodzi chikamalimbana ndi mawu muchitsitse chokhacho.

Posakaniza, kaya mu pulogalamu ya Fairlight ya DaVinci Resolve kaya ya Reaper, yambani ndi mawu a anthu okha, akhale pakati, ofanana mphamvu kuyambira gawo loyamba mpaka lomaliza. Kenako phokoso la malo, nyimbo pomalizira. Pamene nyimbo yakumana ndi mawu, itsike madesibelo 15 kapena 20 pansi pawo, ndipo muikumbe pang'ono, madesibelo atatu, pa 2 mpaka 4 kHz paja. Mulingo wa filimu yonse umadalira kopita: YouTube imatsitsa zofuula kufika cha pa -14 LUFS (muyezo wa kufuula kwa mawu), pamene muyezo wa EBU R128 umene ma TV ambiri amatsata ndi -23. Kufuulitsa sikupindula kanthu.

Kenako tulukani mu situdiyo. Anthu athu adzaonera pa foni ya sipika imodzi, pa TV ya m'chipinda cha vidiyo pa msika, jenereta ikulira panja. Sipika ya foni siitulutsa mawu a pansi, ndiye babatoni wanu adzasowa, chotsala ndi mawu a anthu ndi chilichonse chokhala nawo pampando umodzi. Ikani filimuyo pa foni yotchipa, mukhale nayo pakhonde masana ana akusewera, muone ngati mukutsatabe nkhani. Ikapambana pamenepo, mu holo idzapambana.

Kumbali ya umwini, nyimbo ya munthu wina siilowa m'filimu chifukwa choti munaigula kapena inkamveka pa wailesi ya mu bala pamene mumajambula. Pemphani azimitse, anthu avine popanda nyimbo, yanu mudzaike pambuyo. Ndi zomwezonso zimapulumutsa mawu. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza woipeka, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira zimenezi, pamene YouTube imazindikira yokha nyimbo za eni n'kutseka filimu kapena kutenga ndalama zake. Ndi woimba wanu lemberanani pepala, ngakhale ndi msuweni wanu: walandira zingati, nyimbo ndi ya yani, mungaigwiritse ntchito kuti. Ng'oma za malipenga kapena chimtali mukambirane ndi gulu lonse, osati mtsogoleri yekha. Za gule wamkulu musajambule mobisa, pitani kwa akuluakulu a mudzi akuuzeni zotheka ndi zosatheka.

Gawo lija tinalijambulanso chaka chotsatira, mu Meyi mwera usanalimbe. Masamba anayi anatsala theka la tsamba. Lili pakhonde la nyumba ya udzu cha ku Lifuwu, dzuwa litapendeka. Azakhali ndi amene akuyankhula, mtsikanayo wagwada pambali, maikolofoni ili kuseri kwa lichero la mpunga patsogolo pake. Bambo akufunsa, "Zimene akunena azakhali akozi n'zoona?" Iye akuyankha chapansipansi, "N'zoona, bambo." Pakudutsa masekondi anayi opanda kalikonse, nkhuku yokha ikupalasa, kenako kaligo. Nyanja ikubwera pambuyo pake, bamboyo akukankha bwato yekha, palibe woyankhula, ndipo mafunde tinawasiya afuule mmene angathere.